MAFUTA OKHA SATSUKA MFUTI

Nkhani ya pa wailesi yonena za kasamalidwe ka mpope wa raifolo ndi wa cifefe

Pakati pa anthu a nchito a m'migodi ya ku Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Luanshya, ndi pakati pa okhala m'matauni ena, alipo ambiri ndithu amene ali ndi mfuti. Ena anailandira kwa atate ao kapena kwa atsibweni ao. Ena anasunga ndalama miyezi yambiri kuti aigule, nayenda maulendo angapo ku ofesi kufikira atalandira laisensi, popeza lamulo la Zambia silimlola munthu kusunga mfuti popanda laisensi. Mfutiyo ikhala m'nyumba pafupi caka conse. Ituluka pa nthawi ya chuthi, pamene mwini wace apita kumudzi ku Petauke, ku Katete kapena ku Lundazi. Cinthu cogulidwa ndi thukuta lotere ciyenera kukhala zaka zambiri kufikira mwana adzacilandire. Koma mfuti zambiri zimafa zisanakalambe, ndipo cozipha si kuombera ai. Cozipha ndico zotsalira m'mpope usiku wa tsiku lija mfuti inalira, pamodzi ndi katsukidwe kolakwa.

Kawiri-kawiri munthu amapukuta mtengo wa mfuti yace kufikira uwale, nadontheza mafuta pang'ono kukamwa kwa mpope, nayesa kuti nchito yatha. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti yowala kunja itha kukhala yodyeka m'kati, mwini wace osadziwa. Litsiro la m'mpope siliri la mtundu umodzi, ndipo mtundu uli wonse uli ndi cotsukira cace-cace. Mafuta ndiwo otsiriza. Nchito yao ndiyo kuchinjiriza citsulo coyera kale. Sangathe kuyeretsa citsulo cakuda.

M'KATI MWA MPOPE

Munthu akapenya m'mpope wa raifolo atauloza kowala, aona tingalande tating'ono topota kucokera kumbuyo kufikira kukamwa. Tingalande timeneti tigwira cipolopolo ndi kucizunguza monga nguli, kuti ciuluke molunjika osagubuduka. M'mfuti ya Lee-Enfield, imene ambiri aidziwa ndi dzina lakuti .303, kawiri-kawiri muli tingalande 5. Cipolopolo cizungulira kamodzi pa mainchi 10 ali onse, nicituluka ndi liwiro la mafiti 2,440 pa sekondi imodzi. Kuya kwa kangalande kamodzi kuli ngati kucindikala kwa pepala limodzi kapena awiri. Cifukwa cace dzimbiri locepa, limene pa khasu kapena pa nkhwangwa silikadakhala kanthu, m'mpope wa raifolo likwanira kuononga mfuti yonse.

Mpope wa cifefe ulibe tingalande; uli wosalala ngati galasi. Nambala 12 imene ichulidwa pa cifefe inacokera ku kayesedwe kakale: munthu akagawa paundi imodzi ya mtobvu kukhala mipira 12 yofanana, mpira umodzi ukwana bwino m'mpopemo, ndiko kuti mamilimita 18 ndi theka. Khoma la mpope wotere ndi lopyapyala, maka-maka cakufupi ndi kukamwa, kumene amisiri amaupanikiza pang'ono kuti timipira ta mtobvu tisamwazike msanga.

A m'migodi adziwa mphamvu ya mpweya wa m'mipaipi woyendetsa makina oboolera mwala. Imakhala pafupi mapaundi 100 pa inchi imodzi, ndipo mpaipi wotere ukaphulika ubvulaza munthu. Tsono wonga ukapsa m'mfuti ya .303 mphamvu yace ifika pafupi mapaundi 45,000, ndi m'cifefe pafupi mapaundi 10,000. Mphamvu yonseyo iri pafupi ndithu ndi maso ndi zala za woombera, ndipo cowalekanitsa ndico citsulo ca mpope cokha. Potero kutsuka mpope si nkhani ya ukhondo wokha ai. Ndi nkhani ya moyo.

MITUNDU YA LITSIRO

Litsiro loyamba ndilo mwaye wa wonga, wakuda ndi wosabvuta kuucotsa ukali watsopano, koma woumirira ukagonera masabata. Laciwiri ndilo zotsalira za cipolopolo. Cipolopolo ca raifolo yaikulu cabvekedwa khungu la mkuwa wosanganiza ndi zitsulo zina, ndipo pothamanga m'mpope cisiya mkuwa wopyapyala womatirira m'tingalande. Cipolopolo ca .22 ndi timipira ta cifefe zisiya mtobvu. Makatiriji a cifefe opangidwa kuyambira zaka za m'ma 1960 asiyanso pulasitiki wocokera ku kacikho kosungira timipirato. Lacitatu ndilo mcere, mdani wosaoneka ndi maso, woposa onse kuipa.

Zaka zambiri asilikari ndi alenje anazizwa ndi cinthu cimodzi. Munthu amati atatsuka mpope bwino-bwino ndi kuupaka mafuta, patapita masiku awiri kapena atatu amapeza dzimbiri litamera kunsi kwa mafutawo. Ambiri anaganiza kuti wonga watsopano wopanda utsi ndiwo unali kusiya asidi wobisala m'citsulo. M'caka ca 1922 Wilbert Huff, katswiri wa ku ofesi ya boma la America yoyang'anira za migodi, anafalitsa zimene anapeza. Mlandu sunali wa wonga, koma wa kadiso kaja ka kumbuyo kwa katiriji kamene kayatsa wonga, kamene alenje amati fataki. Mafataki a nthawi imeneyo anali ndi mankhwala ochedwa potassium chlorate, amene akapsa asanduka potassium chloride, mbale wace wa mcere wa m'ndiwo. Mai ali yense adziwa kuti mcere wa m'citini umanyowa wokha m'dzinja, cifukwa ukoka cinyezi ca mumpweya. Momwemonso timibulu ta mcere totsala m'mpope tikoka cinyezi, ndipo madzi a mcere adya citsulo ngakhale kunsi kwa mafuta. Mcere susungunuka m'mafuta. Usungunuka m'madzi.

Pofika caka ca 1930 makampani a Remington ku America ndi RWS ku Germany anali atayamba kugulitsa makatiriji okhala ndi mafataki osasiya mcere. Koma ankhondo a maiko ambiri anapitirirabe ndi mafataki akale kufikira zaka za m'ma 1950, ena kupitirira pamenepo. Makatiriji a alenje ogulitsidwa m'masitolo masiku ano sasiya mcere. Koma katiriji yakale ya ankhondo, kapena iri yonse imene mwini mfuti sadziwa kumene inacokera, aiyese ya mcere, ndipo atsuke mpope ndi madzi tsiku lomwelo lisanade.

CINGWE CA ASILIKARI

Asilikari a Northern Rhodesia Regiment amene anamenya nkhondo ku Somaliland m'caka ca 1940 ndi ku Burma m'caka ca 1944 ananyamula mfuti za Lee-Enfield, ndipo makatiriji ao ambiri anali a mcere. Ku Burma anayenda m'matope ndi m'mvula yosakata. Cimene cinasunga mfuti zao cinali kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja. Kumapeto kwa mtengo wa mfuti, kumene utsamira pa phewa, kuli kacitseko; m'katimo munali kabotolo ka mafuta ndi cingwe cokulunga.

Cingweco ciri ndi kacitsulo kolemera ka mkuwa wacikasu ku mbali imodzi, ndi maso atatu olukidwa ku mbali inayo. Diso la pafupi ndi kacitsulo linali la kansalu ka waya, kamene msilikari sanaloledwe kugwiritsa nchito popanda lamulo la mkulu wace, cifukwa kamadya citsulo. Diso lapakati ndilo la kansalu kotsukira. Diso lakumapeto linasiyidwa lopanda kanthu, kuti cingwe cikaduka kapena kukanirira m'mpope mmisiri apeze pokolera pociturutsa. Kansalu kanali ka fulaneli, nsalu yofewa ya thonje, ka mainchi 4 m'litali ndi mainchi 2 m'lifupi. Nsaluyo inkabwera yokulunga, yolembedwa mizere yofiira pa mainchi 2 ali onse kuti wodula asalakwe. Pa nthawi yoyendera mfuti msilikari amaika cikhadabo ca cala cace cacikulu kumbuyo kwa mpope kuti cibweze kuwala, ndipo mkulu wace amasuzumira kukamwa. Njira imeneyi ikali yabwino lero kwa munthu wofuna kuona m'mpope, bola atayamba watsimikiza kuti mfuti iribe katiriji. Kapepala koyera kacita nchito yomweyo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera cingwe ca mtundu wina, conenepa ngati njoka, colukidwa pamodzi ndi timawaya tofewa ta mkuwa, cimene cipala ndi kupukuta pa ulendo umodzi. Dzina lodziwika la zingwe zotere ndilo BoreSnake. Ndi cabwino m'thengo, koma ciri conse cinapangidwira muyeso umodzi wa mpope, ndipo ciyenera kucapidwa ndi sopo ndi kuumitsidwa kawiri-kawiri. Cikapanda kutero cingobwezera m'mpope litsiro la dzulo.

KATSUKIDWE KA RAIFOLO

Coyamba ca zonse ndico kuturutsa makatiriji. Anthu ambiri abvulala ndi mfuti zimene eni ace anati ziribe kanthu. Mwini mfuti aloze kukamwa kumene kulibe munthu, acotse magazini, atsegule boluti, ndiye citsulo cotsekera kumbuyo kwa mpope, ndipo apenye ndi maso ndi kukhudza ndi cala m'cipinda ca katiriji. Makatiriji onse awaike kwina, kutali ndi potsukira. Ana asakhale pafupi. Pamenepo asolole boluti yonse, kuti mpope utseguke mbali zonse ziwiri.

Atatero atambasule cingwe nacipititse pakati pa zala zace, kuti aciongole, acotse mcenga ndi kuona ngati cayamba kutha. Cingwe cothetheka acitaye. Kugula catsopano nkocepa poyerekeza ndi bvuto la cingwe codukira m'mpope. Alowetse kansalu m'diso lapakati. Kansalu kakhale ka muyeso woyenera mfutiyo: ka mainchi 4 ndi 2 ndi ka .303, ndipo mfuti ya .22 ifuna cingwe coonda ndi kansalu kakang'ono ndithu. Kansalu kakakulu kopitirira ndiko kadula zingwe.

Kacitsulo kolemera kalowe kumbuyo, katulukire kukamwa. Imeneyi ndiyo njira ya cipolopolo, ndipo pakutero litsiro lituluka kunja m'malo mogwera m'cipinda ca katiriji ndi m'makina a mfuti. Kacitsulo katatulukira, aimike mfuti pansi, akulunge cingwe kudzanja, nakoke kamodzi kokha mosadukiza, osaima pakati ndiponso osabwerera. Apa ndipo pali cinsinsi cimene ambiri aciphonya: cingwe cituluke pakati peni-peni, osakhudza m'mphepete mwa kukamwa. Ali yense waona mizere imene cingwe ca ndowa cisema pa mtengo wa pacitsime. Cingwe ca mfuti cokhala ndi pfumbi cicita comweco pa citsulo. Kukamwa ndiko kukhudza cipolopolo potsiriza; kukadyeka mbali imodzi mpweya wotentha uthawira kumeneko, nukankha cipolopolo, ndipo mfuti iyamba kuphonya ngakhale mpope wonse uli wabwino. Akoke kangapo, nasinthe kansalu nthawi iri yonse.

Ngati makatiriji anali a mcere, tsopano ndiyo nthawi ya madzi. Mfuti ipenye pansi, faneli alowe kumbuyo kwa mpope, ndipo athire madzi owira okwana malita awiri kapena atatu, mosamala kuti asalowe pakati pa citsulo ndi mtengo. Madzi ozizira nawo asungunula mcere, koma owira apambana cifukwa atenthetsa citsulo kotero kuti ciuma cokha msanga. Mpope ukali wotentha akokemo tinsalu touma kufikira cinyezi conse citatha. Kumaso kwa boluti, kumene kukhudza fataki, apukuteko ndi kansalu konyowa, kenaka ndi kouma.

MANKHWALA OSUNGUNULA

Madzi acotsa mcere, koma sakhudza mkuwa, mtobvu kapena mwaye woumirira. Zimenezi zifuna mankhwala a m'botolo. Ena a iwo ndi akale ndithu: Hoppe's No. 9 anapangidwa ndi Frank Hoppe ku America m'caka ca 1903, ndipo Ballistol anapangidwa ku Germany m'caka ca 1904. Ballistol ali ndi khalidwe lakuti asanganizika ndi madzi nasanduka oyera ngati mkaka, ndipo akatero atha kutsuka mcere. Koma mankhwala ambiri a masiku ano anapangidwira makatiriji atsopano, ndipo munthu asawakhulupirire pa mcere pokhapo pepala la pa botolo litanena comweco.

Kagwiritsidwe kace nkosabvuta. Anyowetse kansalu ndi mankhwala, nakakoke m'mpope kawiri, ndipo aleke mankhwalawo agwire nchito mphindi zimene zalembedwa pa botolo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Wofulumira kupukuta ataya mankhwala ace cabe. Nthawi itakwana akokemo kansalu kouma, nakapenye, pakuti kansaluko ndiko mboni. Kakatuluka kakuda, ndi mwaye. Kakatuluka kotuwa ndi tonyezimira, ndi mtobvu. Kakatuluka kobiriwira kapena kabuluu, ndi mkuwa; a m'migodi audziwa mtundu umenewu pa miyala ya mkuwa ya kufupi ndi pamwamba pa nthaka. Kakatuluka kofiira, ndi dzimbiri, ndipo mpope wayamba kale kudyeka. Abwereze kufikira kansalu katatuluka koyera.

Mankhwala amphamvu ocotsa mkuwa ali ndi amoniya, amene adziwika ndi pfungo lace lolasa m'mphuno. Oterewa asagonere m'mpope, asasanganizidwe ndi mankhwala ena, ndipo asakhudze makatiriji. Ankhondo a Britain ku India anaona kuti makatiriji osungidwa m'makola a akavalo pa nyengo ya mvula amang'aluka okha; m'caka ca 1921 kunadziwika kuti amoniya wa mumkodzo wa akavalo ndiye amang'amba mkuwa wacikasu wa makatirijiwo. Amoniya asiyanso citsulo ca mpope ciri cabe, copanda cocichinjiriza, kotero kuti mafuta ayenera kutsata nthawi yomweyo.

Mankhwala onsewa ndi oipa kwa munthu, ndipo ambiri amayaka. Nchito icitike panja kapena pafupi ndi zenera lotsegula, kutali ndi mbaula ndi fodya. Botolo likhale kumene ana safika, ndipo mankhwala asathiridwe m'botolo la zakumwa. Wotsuka asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima, cifukwa ca mtobvu. Anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtobvu unatsekedwa m'caka ca 1994, adziwa kuti citsulo cimeneci cikalowa m'thupi ciononga, maka-maka ana. Tinsalu takuda titayidwe kumene ana sangatitole.

ZOSAYENERA KULOWA M'MPOPE

Mcenga ndi phulusa ziyeretsa mapoto, koma m'mpope zidya tingalande. Waya wokwecera ziwiya, pepala la mcenga ndi waya wa mpanda zicita cimodzi-modzi. Mafuta ophikira amauma nasanduka ulimbo. Mafuta a nyama amabvunda, ndipo kawiri-kawiri ali ndi mcere. Oilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto ali ndi asidi ndi tizitsulo tosaoneka. Petulo ndi woopsa cifukwa ca moto. Parafini afewetsa mwaye ndi mafuta akale, koma sacotsa mcere kapena mkuwa, ndipo sachinjiriza citsulo masiku ambiri. Posowa mafuta eni-eni a mfuti, mafuta a makina osokera ndiwo angathandize.

Cingwe naco ciri ndi malire ace. Cikoka, koma sicingathe kukankha. Mpope ukatsekeka ndi dothi, kacitsulo kolemera sikapyola, ndipo pafunika ndodo yotsukira, yoongoka ndi yosalala, yolowetsedwa kucokera kumbuyo. Mtobvu wocindikala ufuna burashi ya mkuwa, imene iri yofewa kuposa citsulo ca mpope. Cingwe kapena kansalu zikakanirira m'kati, mwini mfuti asakhomere msomali, asatenthe mpope pamoto, ndipo koposa zonse asayese kuziturutsa ndi kuomba katiriji, pakuti mpope udzatupa kapena kuphulika. Safunsa anadya phula. Mfuti yotere ipite kwa mmisiri wa mfuti.

CIFEFE NDI GOGODERA

Cifefe cothyola pakati ndi cosabvuta kutsuka. Atacotsa makatiriji, mwini wace acotse kamtengo ka kunsi kwa mpope, nalekanitse mpope ndi mbali yotsalayo. Ayambe ndi kansalu kouma kapena pepala lofewa lokwinya kuti licotse mwaye wambiri, kenaka mankhwala, kenaka tinsalu touma. Popeza mpope ndi waukulu, kansalu kakhalenso kakakulu kokwana kugwira khoma lonse. Mtobvu ndi pulasitiki zikonda kumatirira malo awiri: patsogolo pa cipinda ca katiriji, ndi kufupi ndi kukamwa kumene mpope upanikizika. Zioneka ngati mizere yotuwa, ndipo burashi ya mkuwa yonyowa ndi mankhwala ndiyo izicotsa. Zifefe zina zatsopano ziri ndi kampaipi kakafupi kopotera kukamwa. Kameneko kamasulidwe, katsukidwe ndi kupakidwa mafuta m'mazinga mwace, kuti kangamatirire ndi dzimbiri. Apukutenso kuseri kwa kacitsulo kosolola katiriji, kumene litsiro libisala.

Mpope utayera aupenye kowala mbali zonse ziwiri. Mphete yakuda yozungulira m'kati isonyeza kuti mpope unatupa pamenepo. Pobooka-booka ndi dzimbiri, kapena pophwanyika ndi kugwa, ndi pofooka. Popeza khoma la cifefe ndi lopyapyala, mfuti yokhala ndi zizindikiro zimenezi isaombedwenso mmisiri asanaione.

Gogodera, mfuti ija yothira wonga cakukamwa, cingwe sicipyolamo, pakuti mpope wace ndi wotseka kumbuyo. Wonga wace wakuda upangidwa ndi magawo 75 a mankhwala ochedwa saltpetre, 15 a makala ndi 10 a sulufule, ndipo ukapsa zoposa theka la kulemera kwace zitsala ngati mwaye ndi utsi. Mwaye umenewu ukoka cinyezi koopsa. Cotsukira cace ndico madzi otentha a sopo ndi kansalu komangirira pa ndodo yace yotsindira wonga. Koma poyamba mwini wace alowetse ndodoyo m'mpope, naiyerekeze ndi utali wa mpope kunja, kuti adziwe ngati mulibe wonga wotsala. Gogodera wodzaza saoneka ndi maso.

MAFUTA NDI KASUNGIDWE

Mpope utayera ndi kuuma, pamenepo ndipo mafuta alowe. Madontho owerengeka pa kansalu koyera akwanira. Citsulo cingonyezimira, osati kudontha. Mafuta ocuruka atsikira m'mtengo nawufewetsa, ndiye cifukwa cace nkwabwino kuimika mfuti kukamwa kuli pansi, pa thabwa louma. Ngati makatiriji anali a mcere, mwini mfuti apenyenso m'mpope m'mawa mwace ndi masiku atatu kapena anai otsatira, nakokemo kansalu. Zengerezu analinda kwau-kwau: dzimbiri la usiku umodzi licoka ndi kansalu, koma la mwezi umodzi lisiya maenje amene palibe mankhwala angawafotsere.

Ku Copperbelt mvula igwa kuyambira November kufikira April, yoposa mamilimita 1,000 pa caka, ndipo imeneyi ndiyo miyezi imene mfuti zambiri zigona zosagwiritsidwa nchito. Mfuti isasungidwe m'thumba la cikopa kapena la nsalu, kapena yokulunga m'bulangete kunsi kwa bedi, cifukwa zonsezi zisunga cinyezi. Malo ace ndi kabati youma yokhoma ndi loko, makatiriji ali pa okha. Kamodzi pa mwezi ituluke, ipenyedwe, ilandire mafuta atsopano.

Ena atseka kukamwa ndi kansanza poopa mabvu aja oumba zisa za dothi m'mabowo. Mabvuwo ndi oopsadi, koma kansanza kakoka cinyezi, ndipo tsiku lina mwini mfuti adzakaiwala. Cotseka ciri conse m'mpope, kaya ndi kansanza, cisa ca mabvu kapena dothi lolowa pamene mlenje anapunthwa, citha kung'amba mpope ngati nthoci yosenda. Potero munthu asanaike katiriji, tsiku liri lonse la ulenje, apenye m'mpope kufikira aone kuwala mbali inayo. Akokemonso kansalu kouma kuti acotse mafuta, maka-maka m'cipinda ca katiriji. Katiriji ikalira imatupa nigwira khoma la cipindaco. Khoma likakhala loterera ndi mafuta katiriji iterereka, ndipo mphamvu yambiri igwera pa boluti, imene iri kutsogolo kwa nkhope ya woombera.

Nchito yonse yafotokozedwayi sipitirira theka la ora, ndipo zipangizo zace ndi zocepa mtengo: cingwe, tinsalu, botolo la mankhwala, kabotolo ka mafuta ndi ketulo ya madzi. Ziripo mfuti za Lee-Enfield zopangidwa isanayambe nkhondo ya 1914 zimene zikali kuomba molunjika, cifukwa eni ace onse, mmodzi ndi mnzace, anatsata dongosolo limeneli. Ziriponso zina za zaka zowerengeka zimene mipope yao inatha m'dzinja limodzi. Mwini mfuti akumbukire dongosolo lace: ayambe waturutsa katiriji, madzi acotse mcere, mankhwala acotse mwaye, mkuwa ndi mtobvu, kansalu kouma kacitire umboni, ndipo mafuta abwere potsiriza. Acite zimenezi tsiku lomwelo mfuti yalira, asanakhale pansi kudya nyama imene wapha.